Mabawuti Anayi a Ndege ya Alamu

Lolemba

Alamu anga a Yokoniya amaliza kupanga ndege.

Ndalemba mawu amenewa kuti ndiwaone ndi maso, mwina asiya kundiopsa. Sakusiya.

Chiyambire chaka chovota chija akhala akukhoma zitsulo kuseri kwa nkhokwe yawo, ine n'kumati ndi zongotayirapo nthawi, monga ena amawetera nkhunda. Lero pochokera ku ntchito ndapeza zisaka zophimbira zachotsedwa. Chinthu chili poyera. Mapiko alipo, mchira ulipo, pakati pali mpando wa ndalema wodulidwa miyendo. Akuti Loweruka likubwerali akaiyesa pabwalo la mpira la kusukulu, eni ake ali pampandopo.

Zomwe ndaona:
– thupi: mapaipi a madzi ndi nsungwi
– mapiko: zitini za mafuta ophikira zomwe zinatsala othawa nkhondo atabwerera kwawo ku Mozambique, zosasantha ndi hamala
– injini: ya njinga yamoto
– chopukusa mphepo kutsogolo: mlombwa, wosemedwa bwino, ndisaname
– matayala: awiri, a wilibala

Za mapiko ndilibe mawu. Ku koleji sitinaphunzire zouluka. Ndinaphunzira zitsulo, ndipo ntchito yanga n'kukonza mijigo kuchokera kuno ku Ligowe mpaka kumapiri a ku Dambe. Choncho ndagwada n'kusuzumira pomwe ndikudziwapo, pomwe miyendo ya ndege yagwirana ndi thupi. Mabawuti anayi. Awiri mwendo uno, awiri mwendo uwo. Injini, mapiko, munthu ndi mafupa ake, zonse zatsamira pa anayi amenewo.

Yoyamba ndi ya bedi. Yachiwiri ndi ya pulawo, dzimbiri lalowa mpaka m'kati. Yachitatu ilibe nati, angoipinda kumapeto. Yachinayi si bawuti n'komwe, ndi msomali waukulu wokulungiza waya.

Ndati, alamu, nanga miyendoyi?

"Alamu, ndege siyendera miyendo. Miyendo ndi yongoperekezera."

Ndaseka nawo, poti anthu anali pomwepo.

Vuto langa ndi ili. Ndine mkamwini. Pomwe pali nyumba yanga anandilozera ndi a Yokoniya, munda womwe ndimalima anandigawira ndi iwo. Ndiwo mwini mbumba, malume a ana anga. Mkamwini angathe kuseka ndi alamu ake, angathe kuwapempha fodya, koma sauza mwini mbumba kuti musakwere. Kukanakhala kale bwenzi nkhani itatha yokha: a chipani akanabwera kudzafunsa kuti ndegeyi mukufuna kuthawira nayo kuti. Pano ndi matipate. A Yokoniya akuti anamva pawailesi kuti aliyense ali ndi ufulu, ndipo sanamve pomwe anapatula anthu a ku Neno kuti iwo okha asauluke.

Ndawapempha akazi anga, amake Limbani, kuti alankhule ndi achimwene awo. Akuti, "Achimwene mukawaletsa chinthu ndiye mwawatuma. Inu konzani zomwe mumadziwa kukonza."

Chabwino. Ndikonza. Ndege iuluke kaya isauluke, koma miyendo isathyoke munthu ali paliwiro.

Pulani:
1. Kupeza mabawuti anayi olimba.
2. Kuwayeza ngati alibe ming'alu.
3. Kuwamanga ndekha, ndi sipanala yanga.
4. Kuwapaka chizindikiro.
5. Kuwayendera m'mawa uliwonse mpaka Loweruka.

Ndikaiwerenga pulaniyi mtima ukutsikako. Ndikatseka maso ndikuona msomali uja.

Lachiwiri

M'mawa. Kwa Che Amidu, ku golosale yawo ya pamsika. Andikhuthulira chitini cha mabawuti pachiguduli, ine n'kugwada kusankha ngati mayi wosankha nyemba. Ofewa mitu yawo imakhala yosalala. Olimba amakhala ndi manambala pamutu. Ndapeza anayi a manambala, ofanana, akuti anachokera ku lole ina yomwe inagubuduka pamtsetse. Ndafunsa ngati chinagubuduza loleyo ndi mabawuti. Akuti ayi, ndi dalaivala.

Pondipatsa akuti, "Ndege ija eti? Ikauluka mukanene kuti mabawuti ndi a kwa Amidu. Ikapanda kuuluka, amisiri, ine ndi inu sitikudziwana."

Masana. Kuyeza. Bawuti siyamba kuthyoka tsiku lomwe yathyokalo. Imayamba kale, ndi kamng'alu kochepa kuposa tsitsi, pakhosi pomwe mazinga amayambira, ndipo kamakula mwakachetechete nthawi iliyonse bawuti ikagwedezeka. Diso silingakaone. Njira yomwe anatiphunzitsa: kuviika bawuti mu parafini, kuipukuta mpaka iume, kuiwaza fumbi la choko, kudikira. Ngati pali mng'alu, parafini wobisala m'katimo amatuluka n'kujambula kamzere konyowa pachokopo.

Ndadikira. Choko chili mbuu, chouma, pa onse anayi. Ndabwerezanso, poti mwina ndinapukuta mopitirira. Chouma.

Anthu adzaza, kuno munthu sagwira ntchito popanda oonerera. Oyandikira kwambiri ndi a Belo, a ngolo aja, mpweya wawo ukundiomba m'khutu. Ndamanga manati, osati mothinitsa mpaka bawuti kutamuka, osatinso molekerera. Kenaka penti yofiira yomwe timalembera manambala pamijigo. Kamzere kamodzi, kuchokera pa nati kufika pachitsulo cha mwendo, ndi kadontho pamutu. Nati ikatembenuka ngakhale pang'ono kamzereko kaduka, ine ndidziwa.

A Belo: "Kodi yofiirayi ndiye kuti chiyani?"

Ndawayankha mokweza kuti onse amve, ndipo kumvedwako kwandikomera: bawuti iliyonse yomwe mwaiona ndi penti yofiira ndiye kuti ndaiyeza ndekha, ilibe chilema, inganyamule ng'ombe.

A Belo agwedeza mutu nthawi yaitali. Akuti sukulu ndi yabwino.

A Yokoniya akondwa. Andipatsa nzimbe. Akuti tsiku lina adzandinyamula mpaka ku Matope tikagule nsomba zikadaphiriphitha. Ndathokoza, ndati ndiona kaye za ku ntchito.

Madzulo. Zotsala zondidetsa nkhawa: mabowo awiri akula pang'ono, akhala ngati dzira, ndaikamo mawashala. Tayala lakumanzere likuchepa mpweya. Mpando wa ndalema ukugwedera. Koma lero ndadya, mpaka ndawonjezera.

Lachitatu

M'mawa, ndisanasambe n'komwe, kwa alamu. Ndagwada. Yofiira, yofiira, yofiira. Yakuda.

Ndatikita m'maso. Yakuda ndithu, yopindika ngati chala cha nkhalamba, yonunkha ndowe.

A Yokoniya akutsuka mkamwa pakhonde. "Oo, imeneyo. Abwereka a Belo. Ngolo ikupita ku Dambe kukatenga kachewere, ndiye msewu wake mukuudziwa. Abweza Lachisanu. Asiya yawoyo kuti bowo lisakhale lokha."

Ndati alamu, imene ija ndi ya ndege.

"Ndege ikupita kuti Lachitatu?"

Potsata malamulo a mudzi uno akunena zoona. Kuno chinthu chomwe chikungokhala ndi cha yemwe wachifuna. Nkhwangwa yanga ndinaiona komaliza dzinja lathali, pano ndimangomva kulira kwake kuphiri. Sefa ya amake Limbani yagwira ntchito pamaukwati omwe ife sitinaitanidweko. Wokaniza amatchedwa womana, ndipo womana maliro akamugwera amakhala yekha pasiwa.

Zonsezi ndimazidziwa. Komabe dzulo ndinaima pakati pa gulu n'kulengeza kuti mabawuti abwino kuposa onse m'mudzi muno ali apa, pansi pa chinthu chongokhala, ndipo ndawapaka penti kuti musavutike posankha.

Masana. Ndapalasa njinga kubwerera kwa Che Amidu. Tapeta chitini chonse. A manambala atha. Akuti mwina ku Mwanza, koma galimoto ya matola inapita Lolemba ndipo sinabwererebe, yafera pamlatho. Ndafunsa chavuta n'chiyani. Akuti bawuti.

Ku ntchito ndakonza mjigo umodzi, koma sindikukumbukira kuti ndaukonza pati.

Madzulo. Kudzitonthoza: atatu olimba akadalipo. Mwendo wakumanzere uli ndi yabwino imodzi, inayo ndi ya a Belo. Yabwinoyo isenza katundu wa awiri, monga zimakhalira m'mabanja ambiri. Lachisanu a Belo abweza.

Chibadwire a Belo sanabwezepo chinthu pa tsiku lomwe ananena.

Mutu ukuwawa mbali imodzi, yakumanzere.

Lachinayi

Yofiira yatsala imodzi. Imodzi!

Monga ndafufuzira, zayenda motere.

Ya kumanja kutsogolo ili pa mjigo wathu wa m'mudzi muno. Bawuti ya chogwirira inaduka dzulo madzulo. Amayi a komiti ya mjigo akuti sanafune kundivutitsa poona kuti ndili ndi zambiri m'mutu, ndiye anangopita kwa a Yokoniya. Bawuti imeneyo ndinaipempha kalekale ku ofesi, yankho lake n'lakuti boma latsopano likuwerengabe mafayilo a boma lakale. Ndapita pamjigo, sipanala ili m'thumba. Mzere wa ndowa mpaka pamtengo wa mango. Chogwirira chikuyenda bwino kuposa kale lonse, kamutu kofiira kakukwera n'kutsika. Amayi andithokoza, ena mogwada. Sipanala sinatuluke.

Ya kumanzere, yosenza za awiri ija, ili pa chitseko cha khola la mbuzi la apongozi anga.

Apa ndiye pothera nzeru. Apongozi aakazi sindiyang'anana nawo, sindikhala nawo pamphasa imodzi, tikakumana panjira wina amapatukira m'tchire, kawirikawiri ine. Choncho nkhani yayenda chonchi: ine ndanjuta kuseri kwa nkhokwe, nkhope kuloza kuphiri. Iwo ali pakhonde lawo, akusenda nandolo. Amake Limbani akuyenda pakati ngati wapositi.

Ndatumiza mawu aulemu: kuti ndikupepesa, kuti bawutiyo ndi yosunga moyo wa mwana wawo, kuti ndiwapezera ina ya chitseko.

Mawu obwera: "Kawauze bambowo kuti fisi anabwera dzana. Ndege sigwidwa ndi fisi."

Ndatumizanso: kodi sangamulankhuleko mwana wawo kuti ayambe wadikira?

Mawu obwera: "Yokoniya anagwa mumtengo, anagwa m'chitsime, anagwa pa lole. Kugwa si kwachilendo kwa iye. Bambowo azidya, akuonda."

Ulendo wachitatu amake Limbani akana. Akuti miyendo yawo si ya boma.

M'malo mwa awiriwo a Yokoniya abwezeramo ya pulawo ija ndi ya bedi ija. Anawasunga. Kuno palibe chimatayidwa.

Madzulo. Yotsalayo ndaikulunga waya, ndaimata matope kuti penti isaoneke. Ndati ndikagone pansi pa ndege, amake Limbani akuti ndikatero mudzi unena kuti andipirikitsa m'nyumba, ndipo iwo sakufuna kukakhala pamaso pa ankhoswe chifukwa cha bawuti.

Chitini cha penti sindikuchiona. Ndinachisiya pawindo.

Lachisanu

M'mawa. Yofiira, yofiira, yofiira, yofiira.

Misozi yalengeza. Ndati anthu a m'mudzi muno ndi abwino, woipa ndine wowaganizira zoipa. Ndagwira mutu wa yoyamba kuti ndiisisite. Chala chabwera chofiira.

Penti yosauma. Pansi pake dzimbiri la pulawo.

A Yokoniya ali kumbuyo kwanga, akumwetulira ngati munthu wopereka mphatso. "Taona kuti mukuonda, alamu. Tati tipake, mtima wanu ukhale pansi."

Nanga yotsala ija, ya matope?

A Belo abweradi lero monga analonjezera. Akuti bawuti yofiira yagwira ntchito yodabwitsa, kukwera ndi kutsika Dambe osalira n'komwe, moti tayala linalo likuchita manyazi. Atenga inzake kuti ngolo isapendekeke. Matope achotsa ndi chala. Pamalo pake pabwerera msomali uja, nawonso wofiira.

Chitini cha penti chikuyenda khomo ndi khomo. Ndaona zofiira pa njinga ziwiri, pa chitseko cha tchalitchi, pa mpini wa khasu. Khasu lilibe bawuti.

Ndamasula omwe alipowo n'kuwayeza, ngakhale yankho ndikulidziwa. Parafini, choko. Pa ya bedi kamzere konyowa katulukira pomwepo. Pa ya a Belo timizere tiwiri, kamodzi kozungulira theka la khosi. Ndawaonetsa alamu.

"Kameneka? Alamu, taonani zidendene zangazi. Ming'alu yake mungadzalemo mtedza, koma ndimafika nazo ku Neno n'kubwerako."

Ndamanganso. Ena ndilibe.

Masana. Ndati chomwe ndingathe n'kusalaza njira kuti mabawuti asagwedezeke kwambiri. Ndapita kubwalo ndi khasu. Kutola miyala, kukwirira mauna a mbewa, kuyambira kugolo lakumtunda komwe ndege idzayambire, kutsika nalo bwalo. Bwalo lathu ndi lotsetsereka, n'chifukwa chake matimu amakanganirana mbali mpira usanayambe. Ndafika kugolo lakumunsi. Ndaweramuka.

Kuseri kwa golo kuli chigwembe. Ndimachidziwa, aliyense amachidziwa, chimadya mipira chaka ndi chaka. Chakuya kuposa nyumba, pansi pake miyala yokhayokha. Koma lero ndachiyang'ana ndili ndi ndege m'mutu.

Ndege ija siuluka. Dzana ndinayesa kutukula phiko limodzi, ndi lolemera ngati chitseko cha chigayo. Ndipo ilibe mabuleki. Ilibe. Sabata yonse ndakhala chogwada, maso pa mabawuti, osadzutsa mutu kufunsa kuti chinthuchi chikathamanga chidzaima bwanji.

Ndakhala pansi pakati pa golo.

Ndiye zili chonchi:
– mabawuti akathyoka poyambirira: manyazi okha
– akathyoka pakati pa bwalo: mano, mwina mkono
– akapanda kuthyoka: chigwembe

Ndathamangira kwa alamu. Ndati mabuleki. Akuti, "Mabuleki a chiyani? Pofika pagolo ine ndili m'mwamba." Ndati bwanji muyambire kumunsi kuloza kumtunda. Akuti ndiwaonetse khwangwala yemwe amathamangira chitunda akafuna kuuluka. Ndati alamu, ndikupempha, ndipo ndagwada ndithu, ulendo uno popanda bawuti yoti ndiyang'ane. Andigwira paphewa. Akuti mantha anga akuwayamikira, akusonyeza chikondi, koma anthu aitanidwa kale mpaka ku Dambe.

Madzulo. Ndaganiza zokamasula manati mwadala. Koma bawuti yomasuka sisankha pothyokera, ikhoza kudikira mpaka paliwiro, ndiye wopha munthu n'kukhala ine. Komanso dzanja likukana. Moyo wanga wonse ndakhala ndikumanga.

Ndabwerera kubwalo. Miyala yomwe ndinatola ija ndaibwezera, cha kumtunda.

Loweruka

Anthu ngati pamsonkhano wa chipani wogawa nsalu. Ogulitsa manachesi, zitumbuwa, nzimbe. Che Amidu atseka golosale, aima chapatali, pomwe angathe kuyandikira kapena kuchoka malinga ndi momwe zithere.

A Yokoniya avala jekete ya suti ndi chipewa cha njinga yamoto chopanda galasi.

Apongozi ayala mphasa kumtunda, pafupi ndi ndege penipeni. Ndiye kumeneko ine sindingaime. Ndayenda cham'mbali, mutu pansi, mpaka ndapezeka kugolo lakumunsi, ndekha, chigwembe kumsana.

Injini yakana, yakananso, yalira. Utsi. Nkhuku za aphunzitsi zabalalika. Amuna omwe anagwirira mchira ataya.

Ikubwera.

Yagunda mwala wanga woyamba, yanjanja, yatera. Miyendo ili chilili. Mwala wachiwiri. Ili chilili. Ndikumva mawu akuti thyoka, thyoka, chonde thyoka, ndipo akuchokera pakamwa panga. Ine wa satifiketi ya zitsulo ndikupempha bawuti ya bedi kuti ichite zomwe ndakhala ndikuopa sabata yonse.

Yadutsa pakati pa bwalo. Liwiro la njinga yotsika phiri. Mapiko akunjenjemera ngati malata pa chimphepo, koma matayala ali pansi, osaganizako zochoka. Bawuti ya pulawo, ya dzimbiri ija, yagwira ngati ili nane chifukwa.

Sindikudziwa zomwe ndaganiza. Ndangopezeka ndatambasula manja pakati pa golo ngati goloboyi, sipanala kudzanja, ngati kuti ndege ndingaigwire.

Ndiye kaphokoso kakang'ono, kuti thyo, ngati munthu wathyola nzimbe. Mwendo wakumanzere wapinda. Phiko lalowa m'dothi, ndege yazungulira ngati galu wofuna pogona, yazunguliranso, yakhala pansi. Fumbi. Injini yatsokomola n'kuzima.

Tayala limodzi lapitirira lokha, landidutsa, lalowa m'chigwembe. Ndalimva likugunda miyala, likugundanso, kwa nthawi yaitali.

Maso onse ali pafumbi.

M'fumbimo mwatuluka jekete. Mlomo ukuchucha magazi, nsapato imodzi palibe. Mawu awo oyamba: "Inanyamuka. Mwaona? Pamwala paja inanyamuka."

Nthungululu. Ena akuti pansi pake pakanadutsa nkhuku, ena akuti mwanapiye. Apongozi, monga ndamvera kwa amake Limbani, akuti mwa kugwa konse komwe Yokoniya anagwapo, kwabwino ndi kumeneku.

Pakati pa pomwe ndege yakhala ndi pomwe chigwembe chayambira pangaime ngolo ndi ng'ombe zake, basi. Ndagwada. Ndakwawa n'kutola zidutswa. Yathyoka ndi ya a Belo, pakhosi penipeni pomwe choko chinanena. Pothyokapo theka ndi lakuda, mng'alu wakale, theka likunyezimira, lalero. Ndendende monga anatiphunzitsira. Ya bedi itatsala yokha inangopindika n'kulekerera.

Anthu azungulira, akuyang'ana zomwe zili m'dzanja langa. A Belo aizindikira bawuti yawo ngakhale yavala penti. Avula chipewa. Amayi a komiti ya mjigo akuyang'ana pansi. Ndikufuna kuwauza kuti apulumutsa munthu, koma a Yokoniya ayamba kale kufotokoza kuti miyendo ikanangopirira pang'ono, pang'ono pokha, bwenzi pano ali ku Matope.

Zidutswazo ndaziika m'thumba la pamtima.

Lamulungu

Ku tchalitchi, pa zolengeza, mkulu wa mpingo wadzudzula mudzi. Akuti mwana wa kwathu anatsala pang'ono kutichotsa manyazi pamaso pa dziko, ife n'kumuchotsa mabawuti. Akuti aliyense yemwe anatenga chofiira chenicheni abweze lero, ndipo wokhudzanso ndege ija akaonana ndi akuluakulu a mpingo. Anthu ayankha ameni mwamphamvu. Ine maso anali pa nsapato.

Masana ayamba kufika.

A Belo, ndi awiri, otsukidwa, opakidwa mafuta, okulungidwa m'tsamba la nthochi. Akuti chibadwire sanachitepo manyazi chonchi. Ndati sungani, a Belo, ngolo ndi yofunika, kachewere akudikira. Akuti ndisawanyoze pamwamba pa chisoni.

Amayi a komiti, ndi imodzi. Chogwirira cha mjigo achimanga ndi mphira wa chubu. Mawa imeneyo ndi ntchito yanga.

Yomaliza yabwera ndi amake Limbani, m'mbale yovindikira, pamodzi ndi mazira. Mawu ake: "Kawauze bambowo kuti mbuzi ndizigona nazo m'nyumba. Amange bwino, mwana wanga akafike."

Kuseri kwa nkhokwe hamala yayamba kale. A Yokoniya akuwongola phiko, mlomo uli ngati chitumbuwa. Tayala analitsikira m'chigwembe m'mamawa, akuti silinaphulike n'komwe. Ndatchulanso mabuleki. Akuti amangowonjezera kulemera. Ndatchula chigwembe. Akuti amachiyang'ana ndi yemwe alibe mapiko. Akuti Loweruka likubwerali, ndi mabawuti anga enieni, ndege ifika pagolo ili ndi liwiro lake lonse.

Ndavomera kuti ifikadi.

Ndatenga parafini ndi choko. Ndati mwina msewu wa ku Dambe wawachita kanthu, mwina mjigo, mwina fisi anakankha chitseko. Ndaviika, ndapukuta, ndawaza, ndadikira kuposa masiku onse. Ndayang'ana padzuwa, ndayang'ananso pamthunzi.

Chouma. Onse anayi alibe chilema.

Ndawandanditsa pakhonde, poonekera, mitu yofiira kuloza kunjira. Anthu akudutsa, akupereka moni, akuwalambalala ngati njoka.

Mpaka pano palibe wabwera kudzabwereka.